Maola Awiri Ochokera ku Joni

Amayi anamwalira m'mawa, mu Novembala, dzuwa lija lowotcha mvula isanayambe. Anamwalirira ku chipatala cha mishoni, ine ndili pambali pawo ndi kapu ya phala lomwe anakana kumwa. Atawatengera ku mochale, ndinatuluka n'kukakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa wodi, pomwe amakhala anthu odikirira matenda. Amalume, mlongo wawo wa amayi, anandipeza pomwepo. Sanalire. Anatsamiritsa njinga yawo pamtengo, anavula chipewa, n'kundiuza kuti ndimuimbire mng'ono wanga.

Tinabadwa awiri basi, ine ndi iyeyo. Iye anali ku Joni. Anapita pa basi kalekale kukagwira ntchito ya m'nyumba, ndipo chipitireni sanapondenso kwathu kwa Mpama. Chaka chilichonse ankati abwera pa Khirisimasi. Khirisimasi ikafika, ankati mapepala ake anatha, akangotuluka sadzamulolanso kulowa. Mwina zinali zoona, koma ine zinali zitanditopetsa. Wochapa zofunda za amayi ndinali ine, wowabereka mpaka kumsewu ndinali ine, koma foni yake ikangolira, nkhope ya amayi inkawala ngati wina wayatsa nyali m'nyumba. Ndisabise, zinkandiwawa, ndipo pakamwa panga sipachedwa.

Panalinso nkhani ya bulangete. Kwathu kuno, m'tsinde mwa phiri, chiperoni chikagwa mu Juni mafupa a munthu wamkulu amaphwanya. Mng'ono wanga anawagulira amayi bulangete la ku Joni, aja olemera a maluwa okhala m'chikwama cha zipi, ndipo ankafuna kulitumiza pa anyamata onyamula katundu. Amayi anakana.

"Usalitumize," anatero pa foni. "Ubwere nalo wekha, udzandifunditse ndi manja ako."

Ine ndinakalipa kuti munthu sangamazizidwe chifukwa cha makani a zii ngati amenewo. Amayi anangoseka. Ankadziwa chomwe ankachita, ankamukola mwana wawo kuti abwere. Bulangete linakhala ku Joni komweko, iwo n'kumafunda kabulangete kawo kakale kong'ambika m'mbali.

Tsiku limenelo nditamuuza za imfa, anakuwa mpaka ndinachotsa foni pakhutu. Kenako inaduka. Tinakhala pansi pa mtengo paja, amalume akutchula anthu oti auzidwe uthenga. Dzuwa litapendeka pang'ono, anaimbanso. Amalume anati ndikweze mawu a foni kuti nawo amve.

"Achemwali, musawaike amayi ndisanafike," anatero mawu ali osasa. "Ndidzawaone nkhope. Chonde, nkhope yokha basi."

"Iwe mwana," anatero amalume akuweramira pa foni, "ku Joni n'kutali. Basi ija imagona panjira kangati? Maliro sadikira choncho ndi kutentha kumeneku."

"Sindikwera basi, amalume. Abwana anga andigulira tikiti ya ndege. Ndinyamuka mawa m'mawa. Akuti kuchoka kuno kufika ku Chileka ndi maola awiri ndi pang'ono."

"Maola angati?"

"Awiri, amalume."

Amalume anaiyang'ana foni ija ngati yawatukwana. Kenako anapukusa mutu. "Ndiye kuti n'chimodzimodzi kupita ku Limbe pa minibasi yodikira kudzaza. Bwera, mwana wanga. Mayi ako uwapeza."

Apa ndi pomwe zinalakwika, ndipo palibe anaona. Kwathu ulendo timauwerenga kuchokera pakhomo mpaka pakhomo. Munthu akanena kuti ku Limbe ndi maola awiri, waphatikiza zonse, kuyenda pansi, kabaza, kuima pa Njuli kudikira minibasi, kondakitala kukangana ndi anthu panjira. Mwa ife tonse palibe anali atakwerapo ndege, ngakhale mwini tikitiyo. Palibe anafunsa kuti ndegeyo imauluka nthawi yanji, kapena kuti munthu amachita chiyani asanakwere ndi akatsika. Amalume anangotenga mawu awiri aja, m'mawa ndi maola awiri, n'kuwalumikiza. Anati mwanayo tiyi adzamwera kwathu.

Tsono anachita zinthu ziwiri zomwe sizibwezeka. Choyamba, anakatulutsa amayi mu mochale madzulo omwewo. Bambo wa ku mochale anafunsa ngati tatsimikiza, poti kunja kunali moto ndipo malo analipo oti amayi n'kukhala tsiku lina. Amalume anati mlongo wawo akagone m'nyumba mwake, si m'firiji ngati nsomba. Ngakhale ine mtima wanga unagwirizana nawo. Chachiwiri, titangofika kumudzi anatuma uthenga kwa adzukulu, amuna okumba manda, kuti kukangocha ayambe ntchito.

Kwathu manda akakumbidwa sagona opanda mwini wake. Adzukulu akangoboola nthaka, dzuwa la tsiku limenelo lisanalowe munthu aikidwe. Nkhani imeneyi sakambirana, ngakhale akulu a mpingo amaitsata.

Kutacha, ndinatuluka m'nyumba ya siwa momwe tinagona ndi amayi. Adzukulu anali atalowa kale m'nkhalango ya kumanda ndi makasu awo. Azimayi anali kutunga madzi, anthu akubwera m'timagulu. Dzuwa litakwera ndithu, ndinapita kuseri kwa khola pomwe netiweki imagwira bwino, n'kumuimbira.

"Wafika pati?"

"Ndili pa mzere, achemwali, kubwalo la ndege."

"Ku Chileka?"

"Ayi, kunoku."

"Kuno kuti?"

"Ku Joni. Ndege yake imanyamuka masana. Anangotiuza kuti tifike m'mawa kuti ayeze katundu, aone mapepala. Mzere wake ndi wautali, achemwali, sindinaonepo."

Ndinamufunsa chifukwa chake sananene dzulo. Anati iye ankayesa kuti ukafika umangokwera. Ndinamuuza kuti amayi ali m'nyumba, adzukulu ali kumanda. Kenako ndinamva akupuma mothamanga ngati munthu wothamangitsidwa ndi galu.

"Auzeni asiye kukumba."

"Iwe, unakulira kuti? Anayamba kale!"

Amalume ndinawapeza atakhala pa mpando pansi pa mtengo wa mbawa, pakati pa amuna. Ndinagwada pambali n'kuwanong'oneza. Nkhope yawo inauma. Anatuma munthu kumanda kukaona, ndipo anabwera ndi yankho loti dzenje lafika m'chiuno.

"Wayambanso mwana uja," anatero amalume. "Dzulo anati m'mawa, lero akuti masana. Mawa anena kuti Khirisimasi."

"Ali kubwalo la ndege, amalume. Ndamva phokoso lake."

"Phokoso lili paliponse." Anayang'ana dzuwa. "Akanyamuka masana, maola awiri, afika mwambo uli mkati. Tiyamba monga tinakonzera."

Ndinafuna kuwauza kuti Chileka si pakhomo pathu, kuti pali tawuni yonse ya Blantyre yoti adutse, Limbe, msewu wa ku Zomba mpaka pa Njuli, kenako fumbi lathu. Koma amuna onse anali kundiyang'ana, ndipo mkazi wofedwa sakhalitsa pabwalo la amuna. Ndinabwerera m'siwa mano ali gwa.

Masana atakwana ndinaimbanso. Foni yake sinkapezeka. Ndinaimba kachiwiri, kachitatu, mpaka chala chinatopa. Mawu a mzimayi wa m'makina aja ankangobwereza zomwezo m'Chizungu. Panthawi imeneyo sindinkadziwa kuti m'ndege amazimitsa mafoni, ndipo pamudzi ponse panalibe wondiuza. Amalume atamva anangoseka kuseka kowawa.

"Wazimitsa. Munthu wobwera sazimitsa foni. Wochita manyazi ndiye amazimitsa."

Ndinapsa mtima, koma sindinadziwe woti ndimupsere. Theka la mtima wanga linkagwirizana ndi amalume. Ndinkamudziwa mng'ono wanga, wolonjeza ndi misozi, wosowa pa tsiku lake. Mwina pa mapepala paja anamubweza. Mwina anachita mantha n'kubwerera kwa abwana ake. Koma theka lina linkangomva mawu aja, nkhope yokha basi. Ndinalowa m'siwa, ndinakhala kumutu kwa amayi, n'kulumbira chamumtima kuti chivindikiro cha bokosi chimenechi sichitsekedwa ine ndili maso.

Thandizo linachokera komwe sindinkayembekezera. Akazi a amalume ndi munthu yemwe sitinkamwerana madzi, chifukwa cha malire a munda omwe tinakanganirana kale. Ndi iwo ankayang'anira zophika. Kwathu adzukulu sanyamula bokosi asanadye, ndipo ndiwo zawo ndi nkhuku. Nkhukuyo, tambala wofiira wa amayi, inali yomangidwa miyendo kuseri kwa khitchini. Ndili pazenera ndinawaona mayi aja akuwerama ngati akutola nkhuni. Ataweramuka, tambala anali pa liwiro kulowera m'munda wa nandolo.

"Kalanga ine, nkhuku ya adzukulu yathawa!" anakuwa manja ali kumutu.

Anthu anaithamangitsa mpaka kudambo. Itagwidwa, mayi aja anati mpeni ndi wobuntha, ukanoledwe. Kenako anati nkhuni ndi zaziwisi. Amalume anatuma munthu kawiri kukafunsa, ndipo anayankhidwa kuti tambala wokalamba sapsa msanga, ngati akufuna abwere adzaphike okha. Podutsa pafupi ndi ine sanandiyang'ane n'komwe, anangonena chapansipansi kuti, "Inenso mayi anga sindinawaone nkhope."

Mwambo unayamba mochedwa. Mlaliki wa tsiku limenelo, mkulu wa mpingo wodziwika ndi kufupikitsa, ndikhulupirira kuti wina anamunong'oneza, chifukwa anayambira kwa Adamu. Azimayi a mpingo nyimbo iliyonse ankaibwereza ndime zonse, akamaliza n'kuyambanso. Ine maso anali pa foni yomwe ndinaibisa m'chitenje, makutu ali kumwamba. Kwathu ndege sizidutsa kawirikawiri, koma tsiku limenelo ngakhale njinga yamoto ikalira kutali, mitu ya anthu inkadzuka.

Koma kutentha sikunyengereredwa. Malata a nyumba ankathetheka. M'siwa azimayi akuluakulu anayamba kuyang'anana, wina anatsegula zenera lachiwiri, wina anayamba kukupiza ndi chitenje pamwamba pa bokosi. Tonse tinkadziwa kuti thupi layamba kusintha. Ndipo kuseri kwa phiri la Chiradzulu kunayamba kuda. Mvula yomwe tinaidikira milungu yonseyo, tikuyang'ana kumwamba mbewu zili m'manja, inasankha tsiku limenelo.

Bokosi linatulutsidwa pakhonde, anthu anafola kuona nkhope. Ine ndinaima kumutu, dzanja langa lili pa chivindikiro. Mzere unatha. Mkulu wa adzukulu, bambo wamtali waimvi wokhala ndi dothi lofiira mpaka m'mawondo, anabwera ndi anzake awiri kuti atseke. Sindinasunthe.

"Mwana iwe, chotsa dzanja," anatero amalume.

"Sindichotsa."

"Ukundiyankha pamaso pa anthu?"

"Munamulonjeza ndinu, amalume. Munati mayi ako uwapeza. Ndinamva ndi makutu angawa."

"Ndinalonjeza munthu wa maola awiri! Maola awiri aja sanathe? Ali kuti?"

Dzanja langa silinachoke. Pomwepo foni inalira m'chitenje. Nambala yake inali yachilendo, ya konkuno.

"Achemwali, ndatera! Ndili ku Chileka. Foni yanga sikugwira kuno, ndabwereka ya mayi wina."

"Watera!" ndinakuwa, ndipo pabwalo panamveka phokoso ngati la njuchi. "Thamanga! Kwera galimoto iliyonse, usadikire minibasi!"

"Ndikudikira katundu. Sanatuluke."

"Katundu? Iwe, mutu wako ukugwira? Siya katunduyo! Amayi ali pakhonde, akufuna kutseka!"

"Sindingasiye, achemwali." Analira. "Muli bulangete la amayi."

Ndinafuna kumutukwana, ndinafunanso kulira naye. Amalume anali atamva zonse. Anafunsa mwamuna wina wa kabaza yemwe anali pamaliropo kuti kuchoka ku Chileka kufika kuno munthu amatenga nthawi yotani. Iye anakanda mutu, anati zimatengera mmene mu Limbe muliri, koma madzulo ngati ano, anthu akuweruka, n'kutheka maola awiri.

"Enanso awiri?" anatero amalume. Mawu awo anatsika. Ndinawaona akuyang'ana dzuwa, akuyang'ana mtambo, akuyang'ana bokosi la mlongo wawo. Ndi pomwe anazindikira, ndipo ukali wonse unawathera pankhope. Anaoneka okalamba kwambiri.

Tinadikirabe. Azimayi anayambanso nyimbo. Mphepo inayamba kuulutsa masamba pabwalo, bingu linagunda kuseri kwa phiri. Mkulu wa adzukulu anabwera pafupi nane, anavula chipewa, n'kulankhula mofatsa kuti ena asamve.

"Mayi, ife tilibe nanu mlandu. Mwanayo tonse tikumufuna. Koma taonani kumwambaku. Madzi akalowa m'dzenje muja, mayi anu akagona m'matope. Komanso taayang'anani bwino. Kodi nkhope imeneyi ndi yomwe mng'ono wanu akuidziwa?"

Ndinayang'ana. Tsiku lonse ndinkawayang'ana amayi, koma sindinkafuna kuona. Kutentha kunali kutagwira ntchito yake. Masaya anali atatupa, milomo itasintha. Mayi wina anandinong'oneza kuti ndijambule pa foni, mwanayo adzaone chithunzi. Ndinaikweza foni, koma manja anakana. Amayi anali munthu wodzisamala, wosatuluka panja asanamange duku bwino. Sakanalola.

Ndinachotsa dzanja. Phokoso la chivindikiro chija ndimalimvabe.

Ulendo wa kumanda si wautali, koma sindinaonepo maliro akuyenda pang'onopang'ono chotero. Onyamula ankasinthana pafupipafupi, ndipo posinthana paliponse ankaima. Foni inalira tili panjira, nambala inanso, ya dalaivala wa takisi. Anali atatuluka, anali mu Blantyre. Inaliranso tikulowa m'nkhalango ya kumanda. Anali mu Limbe, magalimoto atathinana osasuntha. Sindinamuuze kuti bokosi latsekedwa. Ndinkangoti, bwera, bwera.

Madontho oyamba anagwa mlaliki akupemphera. Anali akuluakulu, otentha, onunkhira fumbi. Adzukulu sanadikire kuuzidwa. Awiri anatsikira m'dzenje, ena anagwira zingwe, amayi anatsika. Kwathu bokosi likatsika silikweranso.

Chotsala chinali dothi. Mwambo wake ndi woti mwini mbumba, yemwe kwa ife anali amalume, ndiye amayamba kuponya dothi. Iwo asanaponye, palibe mdzukulu amagwira fosholo. Amalume anawerama, anatapa dothi lodzaza dzanja, anaima m'mphepete mwa dzenje. Tonse tinadikira kuti limveke likugwa pa bokosi.

Silinagwe. Amalume anafumbata dzanja lija, n'kuyamba kulankhula ndi mlongo wawo m'Chilomwe, chinenero chomwe ankalankhulana awiriwo akafuna kuti ife ana tisamve zonse. Anamukumbutsa mmene ankamuberekera popita kumunda ali khanda. Anamukumbutsa za mbuzi yomwe amalumewo anaitaya ali ana, mlongo wawoyo n'kuwabisira kwa bambo awo. Anatchula agogo, anatchula minda, anatchula anthu omwe ine sindinawamvepo. Mvula inakula. Anthu ena anathawira pansi pa mitengo, ena anafunda zitenje kumutu. Adzukulu anagwira lona pamwamba pa dzenje, mkulu wawo akuyang'ana amalume. Amalume anapitiriza, jekete lawo likudontha, madzi ofiira akutsika pakati pa zala zawo.

Foni inalira, nambala ya wakabaza. "Ndili pa Njuli, ndakwera kabaza!"

Ndinangogwedeza mutu kwa amalume. Nkhani zinali zitawathera, moti anayambanso ya mbuzi ija. Mawu awo anali atasasa. Dzuwa silinkaoneka, koma kuwala kunali kukuchepa, ndipo mkulu wa adzukulu anayamba kusuntha mapazi. Anatsokomola kamodzi. Anatsokomola kachiwiri. Ine ndinkapemphera pemphero lopanda mutu, lokalipira Mulungu, lokalipira matope a msewu wathu omwe ndinkadziwa kuti njinga yamoto siidutsa mvula ikagwa.

Sitinamve njinga. Tinamva kulira. Kunachokera kumunsi kwa njira, mawu amodzi okha, akuitana amayi. Njinga inali itatitimira pa dambo, mng'ono wanga anasiya sutikesi m'manja mwa wakabaza, anavula nsapato, n'kuthamanga. Anatulukira pakati pa mitengo ali matope mpaka m'ntchafu, chikwama cha zipi chija chili pamutu. Anali atanenepa, tsitsi lake linali lachilendo, koma kathamangidwe kanali komweko ka ali mwana. Anthu anapatuka.

Anafika pa dzenje, anasuzumira pansi pa lona, anaona bokosi lotseka. Anatembenukira kwa ine.

"Achemwali, atsegule. Auzeni atsegule pang'ono pokha."

Anagwada kwa amalume, anawagwira miyendo. Anapita kwa mkulu wa adzukulu. Bambo uja anayang'ana kumbali.

"Mwana wanga, latsika," anatero. "Sitingathe."

Anadzigwetsa m'matope. Ndinamugwira, ndipo aka kanali koyamba kumukhudza chichokereni. Kenako anadzuka mwadzidzidzi, anakoka chikwama chija, n'kuyamba kulimbana ndi zipi. Zala zinkaterera. Ndinamuthandiza. Bulangete linatuluka lofiirira, la maluwa akuluakulu, louma, likununkhira sitolo.

"Anati ndidzawafunditse ndi manja anga," anauza mkulu wa adzukulu.

Mkazi satsikira m'manda. Bambo uja anaganiza pang'ono, kenako anauza anzake kuti akweze lona. Iye mwini anatsikira m'dzenje. Mng'ono wanga anagona chafufumimba m'mphepete, atagwira nsonga ziwiri za bulangete, ine nditamugwira m'chiuno kuti asagweremo. Analitsitsa pang'onopang'ono mpaka manja ake anafika pomwe akanatha kufika. Bambo uja analandira mbali ya kumiyendo n'kuiyala, koma ya kumutu sanaikhudze. Anadikira mpaka mwini wake ataisiya yekha, mbaliyo n'kugwera pomwe panali nkhope ya amayi.

Apo m'pamene amalume anatambasula dzanja. Munalibenso dothi, munali kachibulumwa ka matope kokhala ndi zizindikiro za zala zawo. Kanagwera pa bulangete osamveka phokoso. Amalume anakhala pansi pomwepo, pamatope, n'kulira ngati mwana.

Pobwerera mvula inali itachepa. Tinatsalira m'mbuyo awiri, iye opanda nsapato, atakumbatira chikwama chopanda kanthu. Ndinali ndi mawu ambiri omwe ndinamusungira zaka zonsezo, okonzakonza, akuthwa, oti ndidzamulase nawo tsiku lomwe adzabwere. Anali pakamwa penipeni.

"Achemwali," anayamba iye, akuyang'ana pansi. "Ndinangokhala pampando m'ndege muja, anatipatsa tiyi. Ndisanamalize n'kulira komwe, akuti mangani malamba tikutera. Ine ndinkayesa kuti ndili kutali." Anaima panjira. "Zaka zonsezi amayi anali pa maola awiri."

Mawu anga aja ndinawameza. Anali atadzilasa yekha kuposa mmene ine ndikanathera. Tinayendanso pang'ono, matope akutigwira mapazi. Tili pafupi ndi nyumba anandigwira dzanja.

"Nkhope yawo inali bwanji?"

Ndinakumbukira zomwe ndinaona pakhonde paja, zomwe manja anga anakana kujambula. Ndinamuyang'ana mng'ono wanga, maso ake ali pa ine.

"Inali yowala," ndinatero. "Ngati mmene inkakhalira foni yako ikalira."